Dzina la Lorna pa Mapepala Awiri

Vince Haddow anamulakwira mlongo wake Lorna Lachitatu la sabata yoyamba ya Epulo, chaka chosankha makhansala ku Brackmouth. Anayamba ndi cholembera, zibakera zinabwera pambuyo. Anthu a mu wodi ya Saltgate amakumbukira zibakerazo chifukwa anaziona ndi maso, koma za cholembera palibe amene amafuna kuzikamba.

Bambo wa awiriwa, a Cyril Haddow, anali khansala wa Saltgate kwa zaka makumi awiri ndi zinayi. Mpando unali umodzi wokha, ndipo anaukhalira mpaka unalowa m'kati ngati mtondo wakale. Aliyense wofuna nyumba ya khonsolo, kapena wofuna kuti amukonzere denga, ankayamba wavula chipewa pakhomo pawo. Chaka chimenecho kunatulukira Ellis Marwood, mnyamata wa pa msewu wa Tanner. Mayi ake anali atadwala chifuwa chifukwa makoma a nyumba yawo ya khonsolo anachita ndere kwa zaka zisanu, khansala akungolonjeza. Ellis anati aima payekha, wopanda chipani. Tsoka lake linali lakuti mkazi amene ankamukonda anali Lorna, mwana wa khansala yemweyo. Anadziwana tsiku limene Ellis anapita kwa a Haddow kukadandaula za makomawo, nathamangitsidwa, ndipo Lorna anamutsatira kumsewu kukamupatsa chipewa chimene anachiiwala. Kuyambira pamenepo panapita miyezi khumi ndi umodzi, ndipo a Haddow anali atanena kale pa tebulo kuti mwana wawo adzakwatiwa ndi Marwood iwo ali m'bokosi.

*

Lachiwiri dzuwa litapendeka, awiriwo anakhala pa khoma la kudoko akudya nsomba ndi tchipisi m'pepala limodzi. Mphepo inkachokera kunyanja, yozizira yolowa m'mafupa. Ellis sankadya. Dzanja lake linkangopita m'thumba la jekete ndi kubwerako.

"Ukapanda kudya ndimaliza ndekha, kenako uzikauza anthu kuti ana a Haddow amadya za amphawi," anatero Lorna.

"Amadya kumene."

"Iwe! Ndikugwetsera m'madzimo."

Ellis anaseka pang'ono, natulutsa pepala lopinda. Lamulo linali lakuti wofuna kuima pa chisankho apeze anthu khumi a mu wodi, olembedwa m'kaundula wa mavoti, amusainire, ndipo pepalalo lifike ku khonsolo Lachinayi 4 koloko isanakwane. Ellis anali ndi mayina asanu ndi anayi.

"Ndagogoda nyumba makumi asanu ndi limodzi," anatero. "Amanditsegulira, amandipatsa tiyi, amati mwanawe tikuvotera ndithu. Ndikangotulutsa cholembera, wina magalasi asowa, wina dzanja lachita dzanzi. Voti ndi yachinsinsi, koma mayina awa amakawapachika pa bolodi la ku khonsolo kuti bambo ako awerenge."

"Bwera nacho kuno."

"Chiyani?"

"Cholembera. Kodi ine si wa mu Saltgate?"

"Lorna, usasewere. Vince akuthyola khosi."

"Vince ameneyu anakodza pabedi mpaka ali ndi zaka khumi. Sindimuopa."

"Nanga la bambo ako sunasaine? Paja munthu sasainira awiri."

"Lamlungu analiyendetsa pa tebulo monga amachitira nthawi zonse, pakati pa nyama ndi mbatatesi. Azakhali anasaina, amalume anasaina, ine ndinanyamuka kukatsuka mbale. Lidakali pa shelefu, mzere umodzi uli wosalemba."

Anapukuta mafuta a nsomba pa siketi, natsamiritsa pepalalo pa bondo, nalemba: Lorna M. Haddow. Ellis anamugwira m'masaya ndi manja ake ozizira, nakhala akumuyang'ana ngati sanamuonepo.

"Ukudziwa chimene wachitachi?"

"Wakwata kwa mphenzi saopa kung'anima. Unayamba ndiwe."

"Chisankho chikangotha ndikukwatira. Ndipambane, ndigwe, ndikukwatira basi."

"Ugule kaye jekete lina. Ili likununkha dizilo."

Hutala ya galimoto inalira kumsewu. Anali Maxine Pell, amene ankayendetsa kampeni ya Ellis ndi kumusungira mapepala. Zaka zitatu m'mbuyomo anali chibwenzi cha Ellis, ndipo ankauza aliyense kuti zinatha bwinobwino, alibe naye chifukwa. Munthu akamabwereza mawu amenewo popanda womufunsa, wanzeru amakhoma chitseko.

Maxine analandira pepalalo, naliwerenga, nayang'ana Lorna kuyambira kumutu mpaka kuphazi.

"Oho, ndiye mfumukazi yatsika kudzatithandiza ife amphawi? Tathokoza, mayi."

"Musavutike kugwada, chemwali, pansipo pali matope."

"Tikapereke mawa m'mawa," anatero Ellis, pofuna kudula nkhaniyo.

"Mawa ayi," anayankha Maxine. "Dzina lililonse limafuna nambala yake ya m'kaundula. Ndiziona ndekha imodziimodzi. Tikalakwitsa imodzi alikana lonse. Tipereka Lachinayi masana, nthawi ilipo."

Analiika m'chikwama chake natseka zipi.

*

Lachitatu lonse foni ya Lorna sinapume.

"Mayi akuti ubwere udzadye Lamlungu," analemba Ellis. "Akuti akufuna aone mkazi wolimba mtima kuposa amuna onse a pa Tanner."

"Uwauze ndibwera ndi keke. Bambo sakudziwabe kanthu."

"Nanga Vince?"

"Wadzuka m'mamawa, wavala tayi, wapita ku khonsolo kukapereka pepala la bambo. Pobwera wandigulira chokoleti. Chibadwire sanandigulirepo kanthu."

"Usadye. Mwina wathiramo mankhwala a makoswe."

"Nsanje. Iwe unandigulira chiyani kupatula tchipisi?"

"Ndikugulira mphete. Yesa chala."

Lorna anaseka yekha, nadya chokoleticho mpaka kunyambita pepala.

*

Lachinayi atatuwo analowa mu ofesi ya zisankho kutatsala mphindi makumi awiri kuti 4 koloko ikwane. Anachedwa chifukwa Maxine anati makiyi a galimoto asowa, ndipo atagubuduza nyumba yonse anawapeza m'thumba lake lomwe. Mayi wa pa kauntala, wamagalasi olendewera pa chingwe, anatsata mayina ndi rula, akuyerekeza ndi kaundula. Atafika pa dzina lakhumi anaima. Anatsegula fayilo ina, nayang'ana uku ndi uku.

"Bambo Marwood, muli ndi mayina asanu ndi anayi."

"Ndi khumi, mayi. Werenganinso."

"Lorna M. Haddow anasainira kale a Cyril Haddow, ndipo pepala lawo linafika dzulo 9 koloko. Mpando ndi umodzi, munthu amasainira mmodzi. Akasainira awiri timawerengera pepala lofika loyamba."

"Ine sindinasaine!" Lorna anamenya kauntala ndi chikhatho. "Lorna Haddow ndine, ndaima pano. Tandionetsani."

Mayiyo anatembenuza fayiloyo. Dzina linalipo, lopendekera kumanja, lokhala ndi kamzere kunsi, ndendende mmene Lorna ankalembera kuyambira ali pasukulu.

"Mwanangu, ine sindiweruza zala za anthu. Ndimaona pepala. Ngati wina wakuberani dzina, nkhani imeneyo ndi ya apolisi. Bambo Marwood, mwatsala ndi mphindi khumi ndi zisanu. Pezani wina wa mu Saltgate asaine. Mukalephera ndiye kuti a Haddow alibe wopikisana nawo, adutsa popanda kuvota."

Ellis anatembenuka kuyang'ana Lorna. Maso ake anali a munthu amene wapeza njoka mu nsapato. Anakwatula pepalalo nathamangira kunja.

*

Tsidya lina la msewu panali pokwerera basi ya ku Saltgate, ndipo anthu asanu ndi mmodzi anaima pamenepo ndi majumbo awo. Mmodzi yekha akanakwanira. Ellis sanafikeko. Pansi pa masitepe panaima Vince ndi anzake awiri a ku bala, aliyense atanyamula chikwangwani cha kampeni chokhala ndi nkhope ya a Haddow, chokhomedwa pa thabwa.

"Alamu! Mukuthamangira kuti, alamu? Simupereka moni kwa akuchikazi?"

"Choka panjira, Vince."

"Tamuonani khansala wathu. Anthu khumi okha amukanika, koma akufuna mlongo wanga ndi mpando wa bambo anga tsiku limodzi."

Ellis anayesa kulambalala. Vince anatembenuza chikwangwani namumenya ndi thabwa pakamwa. Kunamveka kuti phwa, ngati nkhuni youma. Ellis anagwada, magazi akuchucha pa malaya, koma pepala sanalisiye. Anadzuka namugunda Vince ndi mutu pamphuno. Vince anadzandira. Pamenepo anzake aja anamugwira Ellis mikono namugwetsa chafufumimba, ndipo Vince anaponda dzanja logwira pepala ndi nsapato yake yachitsulo kutsogolo. Anaponda kamodzi, kawiri, katatu, mpaka zala zinatseguka zokha.

Lorna anamudumphira kumsana, namuluma khutu mpaka anamva mchere wa magazi m'kamwa. Vince anakuwa, namugwira tsitsi, namuponyera pa zitsulo za m'mbali mwa masitepe. Diso lakumanzere la Lorna linatseka pomwepo.

"Thandizani! Amupha! Bambo Oakes, mayi Tully, kodi simukuona?"

Anthu a pa basi aja ankaona bwinobwino. Onse ankakhala m'nyumba za khonsolo. Wina anayamba kufufuza kanthu m'jumbo, wina anayang'ana nsapato zake. Basi itafika anakwera mwadongosolo, wina pambuyo pa mnzake, mopatsana ulemu.

Wotchi ya pa nsanja ya khonsolo inalira kanayi. Vince anatola pepalalo, napukutira khutu lake, naliponya pamsana pa Ellis.

"Mudzayeserenso zaka zinayi zikubwerazi, alamu."

Maxine anatulukira nthawi imeneyo akulira mokweza, nagwada, naika mutu wa Ellis pa miyendo yake. Ambulansi itabwera, amene anakwera ndi Ellis anali Maxine. Lorna atafuna kukwera, Maxine anatchinga khomo ndi mkono.

"Lero banja lanu latichita zokwanira."

*

Kunyumba a Haddow anali pa tebulo akumwa tiyi, nyuzipepala ili pambali. Vince anakhala moyang'anana nawo, khutu litamatidwa pulasitala, akupaka batala pa buledi.

"Ndani analemba dzina langa?" anafunsa Lorna atangolowa.

"Khala pansi mwanawe, uike madzi oundana pa disolo," anatero bambo ake.

"Ndikufunsa. Achimwene, ndani analemba dzina langa?"

"Ndine," anatero Vince, buledi ali m'kamwa. "Lakongola eti? Makadi ako a Khirisimasi adzaza m'kabatimo. Ndinayeserera kanayi kokha."

Lorna ananyamula tipoti namuponyera. Inaphonya mutu, inaswekera pa khoma, tiyi wotentha namuthira m'khosi. Vince analumpha ali ndi mpeni wa buledi m'manja, koma bambo ake anamukankha pachifuwa ndi dzanja limodzi, ndipo ndi linalo anamumenya Lorna mbama. Chibadwire anali asanamumenyepo.

"M'nyumba ya malemu mayi ako simuswedwa zinthu."

"Koma pa masitepe a khonsolo paswedwe munthu?"

"Munthu uja anayamba yekha. Anzake a Vince anaona."

"Ndikupita kupolisi. Ndikanena za dzina."

A Haddow anakhala pansi, nakankhira kapu patali. Analankhula ndi mawu ofatsa aja amene ankalankhula nawo pamaliro a anthu owavotera.

"Pita. Koma udziwe kuti pepalalo ndi langa. Wofuna mpando ndi amene amayankha za mayina ake. Ukamangitsa Vince wamangitsa ine, nkhalamba ya zaka makumi asanu ndi awiri. Chibale ndi fupa, Lorna, sichiola. Marwood lero alipo, mawa wapita."

"Ndiye kuti munadziwa?"

"Ine Lamlungu ndinaona mzere wosalemba. Lachitatu ndinaona wolemba. Sindinafunse."

Lorna anatembenukira mchimwene wake. "Unadziwa bwanji kuti ndasainira Ellis? Tinalipo atatu okha."

Vince anamwetulira, akudzipukuta khosi ndi kansalu kopukutira mbale. "Si akazi onse amene amakondwa kuona mwamuna wawo akudya tchipisi ndi wina kudoko."

Lorna anakwera kuchipinda kwake, nalonga zovala m'chikwama chimodzi. Potsika palibe anamuletsa. Anapita kukakhala kwa mnzake wa kuntchito.

*

Lachisanu nthawi yoona odwala Lorna anapeza Ellis atatsamira mapilo, nsagwada zitamangidwa ndi waya, dzanja lamanja lili mu pulasitala mpaka m'chigongono. Maxine anali pambali akumumwetsa supu ndi kapaipi.

"Ellis, ndimvere. Vince wavomera yekha. Anayeserera dzina langa."

Mawu a Ellis ankatuluka pakati pa mano, pang'onopang'ono. "Wapita kupolisi?"

Lorna anakoka mpando nakhala.

"Wapita?"

"Akamanga Vince amanganso bambo. Undipatse masiku ochepa ndiganize."

"Masiku." Ellis anatseka maso. "Mayi anga apatsidwa zaka zina zinayi m'nyumba ija. Mapanga awiri avumbwitsa, Lorna. Koma wavumbwa ndine."

"Mufunse uyu! Mufunse kuti anamuuza Vince ndani. Mufunse chifukwa chake pepala linagona m'chikwama chake masiku awiri, ndi makiyi aja osowera m'thumba lake lomwe."

Maxine anaika kapu pansi mofatsa. "Ellis, ukumva? Mchimwene wake wakuthyola nsagwada, bambo ake atenga mpando, dzina lake lili pa pepala lawo, koma wolakwa ndine amene sindinachoke pa mpando uwu chifikire." Anaimirira ngati akukonza bulangete, nayandikira Lorna, natsitsa mawu kuti amve iye yekha. "Dzanja lako lokongola lija lathandiza onse awiri, chemwali. Tsopano ine ndizimupukuta pakamwa, iwe kapukute mbale za adadi."

Lorna sanadziwe kuti dzanja lake lanyamuka liti. Anamugwira Maxine tsitsi namuwombetsa nkhope pa chitsulo cha bedi. Mlomo unang'ambika, supu inatayikira pa bulangete. Anamwino awiri ndi mlonda anachita kumukoka ngati mbuzi yokana kulowa m'khola. Ali pakhomo anacheuka. Ellis anali atamukumbatira Maxine ndi mkono wamanzere.

"Magazi a Haddow," anatero Ellis. "Onse ndi amodzi. Mutulutseni."

*

Loweruka Lorna analemba mauthenga khumi ndi awiri. "Ndinalakwa kumumenya, koma sindinanene bodza." "Ellis, unandiona ndikusaina, unandigwira m'masaya." "Ndiyankhe, ngakhale unditukwane." Yankho linabwera limodzi, masana.

"Foniyi ndikumusungira ndine, dzanja lake silikugwira. Akuti usavutike. Maxine."

Lamlungu anavala diresi labwino, nabisa diso ndi magalasi akuda, napita pa msewu wa Tanner ndi keke monga analonjezera. Akazi amene anaima m'makomo anasiya kucheza atamuona. Wina analavula pansi. Mayi Marwood anatsegula chitseko pang'ono osachotsa tcheni, ndipo fungo la chinyezi linatuluka limodzi ndi chifuwa chawo.

"Mayi, ndine Lorna."

"Ndikukudziwa. Dzina lako tawerenga tonse."

"Sindinalembe ndine. Ndikulumbira pa manda a mayi anga."

Mayiwo anakhosomola nthawi yaitali atagwira mphuthu. "Mwina sunalembe. Ine sindinalipo. Chimene ndikudziwa n'chakuti mwana wanga akudyera m'kapaipi, ndipo mchimwene wako dzulo anali ku bala akugulira anthu mowa. Ngati ukunena zoona, polisi siili kutali. Basi nambala 6 imatsikira pakhomo penipeni."

Chitseko chinatsekeka. Pobwerera, botolo linachokera pa zenera lina la m'mwamba naswekera pafupi ndi mapazi ake. Sanayang'ane kumene linachokera. Keke anaisiya pa khoma.

*

Lolemba m'mawa Lorna anazungulira polisi katatu, kenako analowa. Anali atasankha kunena zoona, ngakhale bambo ake amangidwe. Anatchula dzina lake, nati wabwera kudzanena za pepala la chisankho. Wapolisi wa pa kauntala analemba dzinalo pa kompyuta, nakweza nsidze.

"Mayi Haddow, mwatipulumutsa ulendo. Pali dandaulo la a Maxine Pell kuti munawavulaza Lachisanu. Mboni ndi a Ellis Marwood, asaina ndi dzanja lamanzere. Takhalani pa benchi apo."

"Nanga amene anamenya Ellis?"

"Za pa masitepe, mboni zitatu zikuti a Marwood ndi amene anayamba ndi mutu."

"Nanga dzina langa? Mchimwene wanga analemba dzina langa pa pepala la bambo. Anavomera yekha."

"Anavomera pamaso pa ndani?"

"Pamaso pa bambo."

Wapolisiyo anamuyang'ana, nayang'ana diso lotupa lija, nakoka pepala la dandaulo la Maxine.

"Tiyambe ndi iyi yomwe ili ndi mboni."

Anamutulutsa masana atamupatsa tsiku lokaonekera kukhoti. Ellis anatuluka m'chipatala tsiku lomwelo, ndipo poti nyumba ya mayi ake ndi yachinyezi, anakatsikira kwa Maxine. Ku khonsolo anapachika chidziwitso chakuti ku Saltgate sikukhala kuvota, a Cyril Haddow adutsa opanda wopikisana nawo. Pa mayina khumi a owasainira, lachisanu ndi chiwiri ndi Lorna M. Haddow. Vince palibe anamufunsa kanthu.